Galu wa mphere amene anadzutsa atsibweni pampando

Pa Nsaru munthu wamkulu sayenda chabe. Akatuluka m'mawa ndiye kuti wanyamula khasu, kapena wakwera njinga kupita kumsika, kapena kwagwa zovuta m'mudzi wina. Munthu wa imvi zake kumangoyenda m'mbali mwa dambo manja ali lende, kudimba osapita, kumaliro osachokera, anthu amayamba kunong'onezana kuti mutu wayamba kusokonekera. Nanga kutsogolo kwake kukakhalanso galu womangidwa chingwe m'khosi, galu wosamba ndi sopo? Misala imeneyi anaiyambitsa ndi atsibweni anga, ndipo yawakhala bwino zedi.

Tiyambe ndi galuyo mmene analili. Dzina lake ndi Bingo, koma ndikukayika ngati iye ankalidziwa, chifukwa mawu okhawo amene ankamva kwa anthu anali akuti "Choka!" Anabwera pakhomopo ali kamwana, mdzukulu wina atasinthanitsa ndi nkhuku, ndipo chikondi cha mdzukuluyo chinazilala mwezi usanathe. Kuyambira pamenepo Bingo ankagona pansi pa nkhokwe. Mkute ukatsala ankadya, ukapanda kutsala ankakafukula kudzala. Mphere inamumaliza ubweya kuyambira m'zigongono mpaka kumsana. Nsonga za makutu zinali zilonda zokhazokha, ntchentche zitamangapo msonkhano wosatha. Nkhupakupa zinali mbwee pakati pa zala ndi m'makutu. Nthiti zake munkaziwerenga muli patali, zili ngati phaso la chigafa chosafolera. Mnansi wina wachifundo anamupaka oyilo wakuda wa m'galimoto, ati ndiye mankhwala a mphere. Bingo ananyambita oyiloyo, nadwala, nadzuka pamatendapo ali bii, akununkha galaja, mphere ili pomwepo.

Za ulonda musafunse. Thadzi la anapiye linkamuthamangitsa mpaka kuseri kwa bafa. Usiku ankauwa mwezi, koma tsiku limene akuba anatulutsa mbuzi m'khola iye anagona tulo tofa nato. Kutacha atsibweni anamuyang'ana nati, "Galu uyu ntchito yake ndi kumaliza madeya basi."

Koma kunena zoona, omaliza chakudya chabe pakhomopo analipo awiri. Atsibweni analima fodya wa bale zaka zambiri, ndipo ankadziwika kuti ndi munthu wodzuka nkhuku zisanatsike. Atasiyira ana awo minda anagula mpando wa ndalema, nauika patsinde pa mtengo wa mango, mpandowo n'kusanduka ofesi yawo. Wailesi pakhutu, tiyi wa shuga wosawerenga masipuni, masana nsima ya ndiwo zothira mchere kawiri. Madzulo ankapita kubawo, mtunda woti mwana wasukulu amayenda akusewera mpira, koma iwo ankaitanitsa kabaza. Mimba inatsogola. Jekete la kutchalitchi linakana mabatani. Kuwerama kuti amange nsapato kunkawasiya ali wefuwefu. Kuchipatala anawapeza ndi BP, anawapatsa mapiritsi, nawauza kuti achepetse mchere ndipo aziyenda tsiku lililonse. Atafika kunyumba anafotokozera akazi awo mokwiya ndithu: "Akuti ndiziyenda. Ndiziyenda kupita kuti? Wamwalira ndani?"

Chimene chinawayendetsa ndi chiwewe. Galu wachilendo analuma mwana m'mudzi woyandikana nawo, uthenga n'kubwera kudzera kwa anyakwawa kuti agalu onse amangidwe ndipo apite kukabayitsa katemera kwa alangizi a ziweto. Wopezeka akungoyendayenda, mwini wake asadzalire. Tsikulo adzukulu anali kusukulu, anyamata ali kumunda. Wakabaza atangomuona Bingo anati, "Madala, inu nokha ndikunyamulani, koma uyu ayi, ngakhale mundilipire kawiri." Basi atsibweni anamasula chingwe cha mbuzi, namanga galu m'khosi, nauyamba wapansi. Galu akukana, mwini wake akulalata, onse awiri malilime kunja. Amene anawaona tsikulo amanena mpaka lero kuti sizinkadziwika kuti akukoka mnzake ndani.

Mlangizi wa ziweto anali mtsikana wa msinkhu wa adzukulu awo akuluakulu. Atabaya katemera sanawalole kuti azipita. Anamutsegula Bingo kukamwa, naona kuti usinini wayera chifukwa cha kuchepa magazi, nati, "Agogo, galuyu si wakufa ayi. Ali ndi njoka za m'mimba, mphere ndi njala, ndipo zonse zitatuzi zili ndi mankhwala ake. Oyiloyu musadzapakenso, ndi poizoni." Kenako anawakhazika pansi n'kuwauza zimene mwini galu aliyense ayenera kudziwa. Chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka padziko lonse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onsewo amachitenga kwa galu. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, munthu sapulumuka. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo pa madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako athamangire kuchipatala tsiku lomwelo, osayamba wadikira kuti aone ngati galuyo afe. Ndipo m'dera mukabayidwa agalu 70 mwa 100 alionse, matendawa amasowa podutsa. N'chifukwa chake bungwe la Mission Rabies mu 2015 linabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre, ndipo kuno ku Lilongwe a LSPCA, amene anayamba ntchito mu 2008, amayenda m'madera kubaya ndi kufula agalu. Atsibweni anabwerera ndi chiphaso cha katemera m'thumba la malaya, akuchipapasa njira yonse kuti chisagwe.

Ntchito yotsatira inagwera akazi awo, amene poyamba anakana kwamtuwagalu kuti iwo sanakwatiwe kudzaphikira galu. Koma anaphika. Phala la mgaiwa lothira ufa wa soya wokazinga, ndi zinyenyeswa za bonya zimene zimatsala pansi pa thumba kwa ogulitsa pamsika. Madzi oyera m'kambale kakekake. Mlangizi uja anabwera kangapo kudzabaya mankhwala a mphere, nasiya mapiritsi a njoka oti azimwa miyezi itatu iliyonse, nayeza yekha mankhwala osambitsira a nkhupakupa, chifukwa mankhwala amenewa mukachulutsa mumapha galu yemwe. Anamufulanso kuti asiye kuthawa pakhomo kukamenyana ndi agalu osadziwika. Pogona anamuyalira thumba louma pakhonde, poti ntchentche ya mphutsi imaikira mazira pa dothi la pamthunzi lonyowa ndi mkodzo, ndipo galu wogona pamenepo amatuluka zithupsa zokhala ndi mphutsi m'kati. Pang'ono ndi pang'ono ubweya unamera, wofiirira, ndi banga loyera pachifuwa limene palibe ankadziwa kuti lilipo. Mchira umene unakhala pakati pa miyendo moyo wake wonse unadzuka n'kupindika kumsana.

Walira mvula walira matope. Galu wokhuta amafuna koyenda, ndipo Bingo anali asanaiwale kuti kunja kwa mpanda kuli dziko. Mbandakucha uliwonse ankakanda chitseko, chingwe chili kukamwa. Atsibweni ankamukalipira ali m'bulangete, iye n'kumangokandabe. Akazi awo ndiwo anaweruza mlandu: "Bambo, galu wamkota sakandira pachabe. Dzukani. Mwina a kuchipatala aja anachita kumutuma."

Njira yoyamba ndi ya pafupi, ya kudambo. Dera lonseli la kumadzulo kwa Lilongwe, kuyambira ku Mpingu ndi Namitete mpaka kwa Kabudula ndi ku Nambuma, ndi chigwa chotambalala chodukizadukiza ndi madambo, ena othira mu Namitete ndi Bua, ena mu Lingadzi ndi Lilongwe. Mvula ikatha alimi amatsikira m'madimba, n'kukumba ngalande zotengera madzi kuchokera pazitsime ndi potchinga timitsinje, ndipo m'mphepete mwa ngalande iliyonse mumakhala kanjira kopondeka bwino, kathyathyathya, koyenera munthu wa mawondo olira. M'mwezi wa June mumayenda m'nkhungu, mame akunyowetsa thalauza mpaka m'mawondo, uku mpiru ndi tanaposi, uko matimati pamitengo yake, nzimbe, anyezi, chimanga cha mondokwa. Kwina mnyamata akupalasa tredo pampu, kwina sola yaikidwa kuyembekezera dzuwa. Akakowa amatsata ng'ombe, nantchengwa ali chilili m'madzi kudikira achule.

Masiku oyamba atsibweni ankangofika pachitsime choyamba n'kukhala pachulu, akupuma mokweza mpaka amayi a makeni kufunsa ngati aitane ngolo. Bingo naye anali ndi milandu yake: anadutsa pa nazale ya matimati, anagwetsa ndowa, anathamangitsa abakha a eni. Chingwe chinafupikitsidwa, ndipo anaphunzira kuti kanjira ndi kake koma bedi la masamba ndi la eni ake. Chisanu chisanathe, awiriwa anali akuzungulira dambo lonse, kutsika ndi ngalande imodzi n'kubwerera ndi ina. A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata. Nditawauza zimenezi anaseka: "Mphwanga, zimenezo ife timamaliza Lachitatu. Kuyambira Lachinayi timayendera anthu aulesi."

Kumadzi aakulu ndinawatengera ndine, pa pikiapu yobwereka, poti palibe kondakitala wa minibasi amene angalole galu ngakhale atasamba chotani. Tinatsika ndi msewu wa tala mpaka m'tauni, kudutsa Likuni, n'kukafika ku Malingunde kumene mtsinje wa Lilongwe unatchingidwa kawiri: damu loyamba la Kamuzu linamangidwa mu 1966, lachiwiri mu 1989. Madzi amene amatuluka m'mipope ya mumzinda amasungidwa kumeneko, ndipo eni malowo ndi a Lilongwe Water Board, choncho mlendo amayamba walonjera alonda n'kufunsa koyenera kuyenda. Bingo, amene madzi aakulu kwambiri omwe ankawadziwa anali a pachitsime, anaima chilili, makutu ali njo. Kenako anayamba kuuwa mafunde. Funde likabwera ankabwerera m'mbuyo, likamabwerera iye n'kulithamangitsa, n'kutiyang'ana monyada kuti mwaona, ndalipirikitsa. Atsibweni anaseka mpaka kukhala pansi.

Tinayenda m'mbali mwa madzi, mphepo ikuwomba yozizira bwino, anyamata akuwedza ndi mbedza, nkhwazi ikulira pamtengo wouma tsidya lina. M'madzimo sitinalowe, ndipo galu sanamasulidwe. Amenewo ndi madzi akumwa a anthu, komanso m'madzi odikha otere mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Atsibweni anayang'ana damu lonse kuchokera uku mpaka uko nafunsa, "Ndiye madzi onsewa inu a m'tauni mumachita kulipira?" Nditavomera anapukusa mutu, natimvera chisoni tonse okhala m'tauni.

Muli pa Malingunde mukaponya maso kumwera chakumadzulo mumaona mapiri a Dzalanyama atandandalika kumalire ndi Mozambique. Atsibweni atawaona anati ulendo wotsatira ndi umenewo, chifukwa Mchewa aliyense kwawo n'kumeneko: pa Kaphirintiwa, pamene makolo amati anthu oyamba ndi nyama anatsikira n'kusiya mapazi awo pathanthwe. Nkhalangoyi inakhazikitsidwa kukhala yotetezedwa mu 1922, kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 990, ndipo ndiko kumachokera mitsinje ya Lilongwe ndi Diamphwe. Tinapita mu September, pamene mitengo ya mombo ndi mtondo imaphuka masamba ofiira ndi achikasu isanabiriwire. Kwathu ku Nsaru mitengo yachilengedwe yatsala m'manda ndi m'tinkhalango ta midzi, kwina konse ndi bulugama ndi mango, moti kuyenda maola angapo pamthunzi wokhawokha, kuwoloka timitsinje toyera ta m'mikatope, n'chinthu chimene atsibweni anali atachiiwala. Anayamba kutchula mitengo mayina, uwu muwanga, uwu mlombwa, uwu msuku, tidzabwerenso mu December masuku akadzapsa ndi bowa atamera. Alendo ochokera kunja amabwera m'nkhalangoyi ndi makamera kudzafuna mbalame, makamaka mtundu wina wosowa wa gogomole. Bingo sanafune mbalame. Mphuno yake inali pansi kuyambira pachipata, ikuwerenga nkhani za usiku wonse.

M'nkhalango ya boma galu saloledwa kuchita zofuna zake. Tinayamba tafunsa a zankhalango, ndipo chingwe sichinachoke m'dzanja. Kusaka m'menemo ndi mlandu, ndipo munthu woyenda ndi galu womasuka amaoneka wauzimba ngakhale atanena kuti akungowongola miyendo. Mulinso misampha ya waya yotchera agwape imene sisankha mwendo, ndi mphiri imene imagona pakati pa njira osasuntha. Panjira tinakumana ndi njinga zosenza matumba a makala zikulowera m'tauni, ndipo malo ena tinapeza zitsa zokhazokha. Vutoli linakula mpaka mu 2015 boma linatumizako asilikali kukalondera. Atsibweni, amene pa moyo wawo anadula mitengo yosawerengeka ya zigafa, anangoti, "Damu lija likadzauma, tidzaloze zala tonse." Atabwerera kumudzi analetsa anyamata kudula ziphukira za pazitsa m'malire a munda, ndipo tsopano amazitengulira okha akamachokera kudambo.

Maulendowa awaphunzitsa malamulo awo, ndipo amawanena kwa aliyense wofuna kumva ndi wosafuna yemwe. Kumanda ndi kudambwe galu sayandikira, ngakhale mthunzi wake ukhale wokoma chotani, ndipo gule akatulukira panjira mumapatuka, chingwe mutachikulunga kudzanja. Mu October mumanyamuka dzuwa lisanatuluke, chifukwa galu satuluka thukuta thupi lonse monga munthu, amaziziritsa thupi makamaka ndi kupuma, ndipo dothi lotentha limamuwotcha mapazi. Botolo la madzi ndi la awiri. Nyengo ya chisanu mumapewa tchire la chitedze. Nthawi ya dzinja mbuzi zimakhala pazingwe m'mbali mwa njira ndipo sizingathawe, choncho galu amadutsa ali pafupi ndi mwendo wanu. Mukafika kunyumba mumamufufuza m'makutu ndi pakati pa zala, chifukwa nkhupakupa imodzi yokha imatha kumupatsa malungo ake oopsa.

Ndiye bwerani mudzaone lero! Bingo chifuwa chatambasuka, ubweya ukuchita kunyezimira, makutu anapola, akamayenda mwendo uli pyapyapya. Ana a sukulu amamuitana ndi dzina, ena mpaka kumusungira kachidutswa ka chigumu. Usiku akauwa anthu amadzuka, chifukwa sauwanso mwezi, ndipo m'khola simunasowenso mbuzi. Thadzi lokha lija ndi limene amalipatsabe ulemu. Likamabwera amayang'ana kumbali n'kulisiyira njira.

Atsibweni nawo lamba anachita kumuboola ndi msomali kuti apeze bowo latsopano. Jekete la kutchalitchi likumanga mabatani onse, mpaka amayi a mvano anafunsa akazi awo ngati agula lina. Mapiritsi a BP akumwabe monga anawauzira, mchere anachepetsa, ndipo tsiku lokayezetsa amapita wapansi n'kubwera akuimba mluzu. Tulo amagona tabwino, nkhonono zachepa, ndipo umboni wa zimenezi ukuchokera kwa akazi awo, amene sanama pofuna kusangalatsa munthu. Pampando wa ndalema pamagona mphaka. Wodandaula ndi mmodzi yekha, wakabaza uja, amene amati galu anamulanda kasitomala, ndipo akanadziwa akanangomunyamula tsiku lija.

Chokoma kwambiri n'chakuti misalayi ndi yopatsirana. Mnzawo wina wa kubawo, amene ankaseka kuposa onse, anapezeka ndi shuga, ndipo m'mawa wina anangotulukira pamlatho ndi galu wake wa nthiti zoonekera, osanena kanthu. Kenako wina, kenakonso wina. Tsopano mbandakucha mumaona mzere wa madala m'mbali mwa ngalande, aliyense ndi chingwe chake, akukangana za mtengo wa feteleza ndi za mpira, ndipo amayi a pamjigo anawapatsa kale dzina loti asilikali. Mwezi wa September ukamatha, pa 28 pamene dziko lonse limakumbukira za chiwewe, amakumbutsana za katemera n'kupita onse pamodzi, ziphaso m'matumba.

Posachedwapa bambo wina wa galimoto yonyezimira anaima pamsewu wa ku Kasiya, natsitsa galasi, nafunsa atsibweni kuti galu wokongola chonchi ndi mtundu wanji, anachokera ku South Africa kapena, ndipo mwana wake angagule ndalama zingati. Atsibweni anakonza kolala ya malaya.

"Achimwene, uyu ndi wofula, mwana simumupeza. Koma mtundu wake musavutike nawo. Abale ake ali mbwee pamsika wa Nsaru, kuseri kwa achiwaya, ndipo ndi aulere. Tengani mmodzi, mukam'bayitse, mum'phikire phala, ndiye mawa 5 koloko mutipeze pamlatho. Galimotoyo muisiye kunyumba. Ndipo musachedwe, Bingo sadikira munthu."